Seva Nambala 27

Achemwali anga anayamba kundiimbira foni Lachitatu m'mawa, ndipo ine ndinayamba kuwayankha mwamwano Lachitatu lomwelo. Nkhani inali ya mwana wawo wamkazi, amene tonse kwathu timamutchula kuti Anesi, chifukwa kuyambira ali ndi zaka zisanu ankamanga mabandeji zidole, amphaka ndi aliyense amene wamupeza akugona masana. Mtsikanayu anali atadikira zaka ziwiri kuti koleji ya unamwino iyambe kulemba ophunzira atsopano, ndipo tsopano inali itayamba. Kulembetsa kunali kwa pa intaneti, kotseka Lachisanu 4 koloko masana. Webusayiti yolembetserapo imasamalidwa ndi kampani imene ndimagwirako ntchito, ndipo kunena mosapsatira, imasamalidwa ndi ineyo.

"Iwe, zinthu zako zija zikukana," anatero achemwali. "Mwanayu wadzaza zonse, koma akati aike chithunzi cha satifiketi, zikungoti pepani, yesaninso."

"Ndiye ayesenso."

"Wayesa kasanu."

"Ndi netiweki ya kwanuko, achemwali. Si inu nomwe mumakwera pa mpando kuti foni igwire? Azimitse foniyo, ayatsenso, apite pamalo pena."

Ndisadzinamizire mlandu woposa umene ndili nawo, ndinayesa ndithu. Nditangodula foni ndinatsegula akaunti yanga yoyesera, ndinaika chithunzi cha kapu yanga ya tiyi pamalo pa satifiketi, ndipo chinalowa bwinobwino. Ndinakweza maso pa sikirini yaikulu ya pakhoma, timagetsi tonse toonetsa ngati makina athu ali bwino tinali biriwiri. Ndinapukusa mutu n'kubwerera ku ntchito ina, ndikudandaula mumtima kuti ukangodziwa makompyuta, mtundu wonse umakusandutsa wokonza mafoni.

Ntchito yanga ndi yoweta maseva. Seva ndi kompyuta yopanda sikirini imene imakhala m'chipinda chozizira n'kumayankha anthu akatsegula webusayiti. Ife tili nawo 43, osanjikizana m'mashelefu achitsulo m'chipinda chakumapeto kwa ofesi yathu, ndipo onse amayenera kufanana ndendende. Seva iliyonse imafunika mamodyulo, timapulogalamu timene timalumikizidwa kwa iyo kuti izitha ntchito inayake. Pali modyulo yolankhula ndi nkhokwe ya mayina, ina yotumiza imelo, ina yolandira zithunzi n'kuzichepetsa, ndi ena ambirimbiri. Modyulo imodzi ikangotsalira m'mbuyo pa seva imodzi, munthu amene wagwera pa sevayo amaona zakuda pamene anzake onse akusangalala.

Pamene ndinkayamba ntchito zaka zitatu zapitazo, zonsezi ankachita ndi a Madala, bambo wa imvi amene anayamba kusewera ndi maseva ine ndikuphunzira kulemba dzina langa. Iwo ankalowa mu seva iliyonse payokhapayokha, kuika modyulo ndi manja, kukonza apa, kupotoza apo, n'kusunga zonse m'mutu. Ukawafunsa chifukwa chake seva 12 ikusiyana ndi 13, ankangoti, "Imeneyo ili ndi khalidwe lake, mayi, musaiyambe dala." Tsiku limene anapita ku maliro, tonse tinkangoyang'anizana. Zimenezi zinkandipsetsa mtima koopsa, ndipo sindinkabisa.

Ndiye ndinatha chaka chathunthu ndikulemba sikiripiti, pulogalamu yogwira ntchito yokha, imene anzanga anaipatsa dzina loti Kapitawo. Kapitawo amawerenga mndandanda wa maseva, amalowa mu iliyonse, amaona chimene chikusowa, n'kuika mamodyulo onse mwadongosolo lake popanda kudumpha kanthu. Ndinakhomanso sikirini pakhoma kuti seva iliyonse ya pa mndandandawo izioneka ndi kagetsi kake. Nditamaliza, ndinavutitsa abwana miyezi iwiri mpaka anavomera kutseka njira yolowera ndi manja. Pasiwedi yaikulu inalembedwa pa pepala, inamatidwa mu envulopu, n'kutsekeredwa mu sefa, bokosi lachitsulo la abwana. A Madala sanatsutse. Anangoyamba kusamalira duwa la pawindo ndi kusintha madisiki akatha, ndipo ine ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Lachinayi masana achemwali anaimbanso, ali pa shopu ya intaneti.

"Tabwera kuno kumene netiweki yake ndi ya mphamvu. Mwiniwake wa shopu wayesa yekha. Zikukanabe."

"Mwiniwake wa shopu amadziwa chiyani? Mwina chithunzicho ndi chachikulu kwambiri."

"Wachichepetsa."

"Achemwali, anthu oposa 9,000 alembetsa kale pa webusayiti yomweyo. Onsewo ali ndi mankhwala?"

"Ndiye ukuti mwana wanga ndi wopusa?"

"Sindinatero. Ndikuti awerenge malangizo modekha, asamangodina chilichonse. Ndili pa ntchito ine."

Anadula ndi iwowo. Tsiku lomwelo mayi wina wa ku koleji, amene ntchito yake ndi kulandira madandaulo a olembetsa, ananditumizira imelo yoti pali anthu angapo amene akulephera kuika zithunzi. Ndinali ndi yankho lokonzeratu la imelo zotere, lonena za netiweki ndi kukula kwa zithunzi, ndipo ndinangolimata n'kutumiza. Pa anthu zikwizikwi, nthawi zonse pamakhala ena amene amaika chithunzi cha mphaka wawo kapena kudina batani lolakwika. Ndinadziuza choncho, ndipo ndinadzikhulupirira.

Lachisanu, nthawi ili hafu pasiti 2, mtsikana wa pa risepushoni anandiimbira kuti kwabwera alendo anga. Ndinawapeza achemwali ataima pakati pa chipinda, tepi yoyezera nsalu ikadali m'khosi ndipo tiulusi tili pa siketi. Anali atatseka shopu yawo yosokera masanasana n'kukwera maminibasi awiri. Anesi anali kumbuyo kwawo, atakumbatira envulopu ya pulasitiki, akuyang'ana pansi ngati ndi iye walakwa.

"Achemwali, kuno ndi kuntchito. Simungangobwera chonchi."

"Ndabwera kale. Iwe ndiwe wodziwa, ife ndife mbuli za netiweki yoipa. Ndiye mwanayu nayu, kompyuta yako nayo. Umulembetse ndi manja akowo, ine ndikuonerera."

Ndinawalowetsa, makamaka chifukwa mtsikana wa pa risepushoni anali atayamba kutchera khutu. Mu ofesi mwathu muli madesiki anayi, ndipo tsiku limenelo tinalimo awiri, ine ndi a Madala. A Madala anadzuka, anapereka mpando wawo kwa achemwali, koma achemwali anakana kukhala. Ndinamukhazika Anesi pa desiki yanga, ndinamuuza kuti alowe mu akaunti yake, ndipo ndinajambula satifiketiyo ndekha pa makina athu kuti pasakhale chonamizira. Ndinamulanda mbewa ya kompyuta n'kudina ndekha, ndikukonzekera kale mawu amene ndiwauze achemwali chikalowa.

Kagudumu ka pa sikirini kanazungulira, kanazungulira, kenako panatuluka mawu akuti, "Pepani, yesaninso." Mawu amenewo ndinalemba ndine chaka chatha, ndipo ndinkawaona ngati aulemu kwambiri. Ndinadinanso, anabweranso omwewo. Ndinatsegula akaunti yanga yoyesera pa kompyuta yomweyo, ndinaika satifiketi yomweyo, inalowa. Ndinabwerera ku akaunti ya Anesi, inakana.

"Netiweki ya kunonso ndi yokwera pa mpando?" anafunsa achemwali.

Ndinkadziwa kale chimene zimenezi zikutanthauza, ndipo chimene chinkandiwawa n'chakuti ndinkayenera kuchiganizira Lachitatu. Kutsogolo kwa maseva athu kuli makina amodzi amene timawatchula kuti Mlonda. Munthu akalembetsa koyamba, Mlonda amamupatsa seva imodzi, ndipo nthawi zonse akabweranso amamubwezera komweko, chifukwa fomu yake yosamaliza imasungidwa kumeneko. Akaunti yanga yoyesera imakhala pa seva 4. Masiku onsewa ndinkayesa seva 4 yokhayokha n'kumalumbira kuti zonse zili bwino.

"Nambala yako yolembetsera ndi chiyani?" ndinamufunsa Anesi.

Anaitchula pamtima. Ndinaifufuza mwa Mlonda, ndipo pasanathe mphindi yankho linabwera: seva 27. Ndinayang'ana zimene seva 27 inkanena za iyo yokha. Modyulo yake ya zithunzi inali yakale ndi miyezi isanu, pamene fomu ya koleji, imene tinatsegula masabata awiri apitawo, imafuna yatsopano. Anthu 214 anali atapatsidwa seva imeneyo, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene anamaliza kulembetsa.

Mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu, ndipo ndinkadziwa kale woti ndimuthire. Ndinatembenuka ndi mpando womwe.

"A Madala, munakhudza seva 27?"

"Ndinaisintha disiki, mayi. Kalekale."

"Ndimadziwa! Ndinanena ine, ndinanena kangati kuti manja anuwo adzatipha tsiku lina? Mwabwezeramo modyulo yakale, si choncho? Chifukwa inu zatsopano simuzikhulupirira. Chaka chathunthu ndikuvutika kuti maseva awa afanane, inu muli phee kumbuyoku kumabwezera zinthu za m'nthawi yanu!"

"Ndikanalowamo bwanji, mayi? Pasiwedi ili mu sefa."

"Mumadziwa njira zanu. Anthu 214, a Madala! Mmodzi mwa iwo ndi mwana wa achemwali anga, uyu ali apayu!"

Ndinalankhula zambiri, ndipo zina sindingazilembe pano. Ndinakumba za seva 12, za tsiku la maliro lija, za kope limene ndinawagulira kuti azilembamo zimene asintha koma iwo n'kumaikapo kapu. Achemwali anali atapinda manja, akuyang'ana bambo wa imviyo ndi diso loti tamupeza mfiti. A Madala anandisiya mpaka mpweya unandithera. Kenako anavala magalasi, anabwera pafupi, n'kuloza sikirini ya pakhoma.

"Tawerengani timagetsi timeneto."

"Si nthawi yosewera ino."

"Tawerengani, mayi."

Ndinawerenga ndi chala, mzere ndi mzere. Tinali 42. Ndinabwereza, tinali 42 ndithu. Pakati pa 26 ndi 28 panalibe ngakhale mpata, timagetsi tinangoyandikana ngati sipanakhalepo kanthu. Kwa miyezi isanu ndinkayang'ana khoma limenelo m'mawa uliwonse kufuna kagetsi kofiira, ndipo sindinaganizepo zowerenga tobiriwira.

Ndinatsegula mbiri ya mndandanda wa Kapitawo, imene imasunga aliyense amene wasintha kanthu. Mzere wake unali pomwepo, ndi dzina langa, ndi tsiku lake, ndi mawu amene ndinalemba ndekha: "Ndachotsa 27, disiki yafa. Ndibwezera ikachira." Ndinakumbukira zonse. Disiki itafa, ndinachotsa sevayo pa mindandanda iwiri, wa Mlonda kuti asamaitumizire anthu, ndi wa Kapitawo kuti asamataye nthawi kugogoda pa seva yozima. A Madala atasintha disiki anaibwezera kwa Mlonda, chifukwa imeneyo ndiyo mbali yawo. Mndandanda wa Kapitawo ndinkaugwira ndekha, ndipo ndinali nditawaletsa kuukhudza.

"Ndinakuuzani pa khomo paja, mukupita ku msonkhano," anatero a Madala motsitsa mawu. "Munati mwamva."

Ndikanakonda akanandilalatira. Koma anangobwerera pa desiki yawo n'kufunsa kuti, "Tichite chiyani tsopano?" Wotchi inkati mphindi 12 zadutsa 3 koloko. Mphindi zoposa khumi ndinali nditazitaya pokalipira munthu wosalakwa.

Ndinabwezera 27 pa mndandanda n'kumufunsa Kapitawo kuti ntchitoyo ndi yaikulu bwanji. Anayankha kuti pali masitepe 61, pafupifupi mphindi 50. Sevayo inali itaphonya zonse zimene anzake analandira miyezi isanu, ndipo Kapitawo sadumpha. Amayamba ndi chakale kwambiri, amachiyesa, amapita pa chotsatira, mpaka mapeto. Ndinamulemba choncho dala, ndipo ndinkadzitama nazo pa misonkhano. Modyulo ya zithunzi inali sitepe ya 58, ndipo sevayo siyambanso kuyankha anthu mpaka zonse zitatha.

"Ndi manja zingatenge nthawi yayitali bwanji?" ndinafunsa, osawayang'ana kumaso.

"Chofunika ndi ziwiri zokha, injini yatsopano yoyendetsa mamodyulo ndi modyulo ya zithunziyo. Zinazo zikhoza kudikira mawa. Mphindi 12, mwina 15."

"Chitani."

"Ndilowere pati, mayi?"

Ndinaimbira abwana, foni inali yozima. Ndinathamangira kwa sekilitale wawo, amene anandiuza kuti abwana ali ku msonkhano wa makasitomala kutsidya kwa tauni, kumene amasonkhanitsa mafoni pakhomo, ndipo kiyi wa sefa amayenda naye pa makiyi a galimoto. Ndinamupempha kuti aimbire ku ofesi ya makasitomalawo. Anaimba, anamuuza kuti uthenga aupereka msonkhano ukapumira. Ndinagwedeza chitseko cha sefa ngati chingandimvere chisoni. A Madala anapita ndi kiyibodi m'chipinda chozizira kukalumikiza pa seva yeniyeniyo, ngakhale tonse tinkadziwa kuti nayonso ifuna pasiwedi. Mabowo onse amene munthu akanalowera ndinali nditawatseka ndekha, limodzilimodzi, mosamala kwambiri.

Ndinaganiza zolemba njira yachidule yoti Kapitawo adumphe masitepe, koma kuilemba ndi kuiyesa kukanatenga nthawi yoposa imene ndinkafuna kupulumutsa, ndipo ikanalakwika, mafomu a anthu 214 akanawonongeka. Nthawi ili mphindi 17 kudutsa 3 koloko, ndinamuuza Kapitawo kuti ayambe. Ndinawerengera m'mutu, ndinawerengeranso, ndipo yankho silinkasintha. Ndinangoyembekeza kuti mwina mphindi 50 zake n'zongoyerekeza.

"Ndiye zatheka?" anafunsa achemwali.

"Zikukonzedwa."

"Zitha nthawi yanji?"

"Zikukonzedwa, achemwali."

"Iwe, ndakulera ine. Ukamabwereza mawu ndiye kuti ukubisa kanthu. Zitha nthawi yanji?"

"Mwina 4 koloko itadutsa pang'ono."

Achemwali anakhala pansi tsopano, pa mpando umene anaukana uja. Anavula tepi m'khosi n'kuyamba kuikulunga pa chala.

Sindinakhale manja lende. Ndinamuuza Anesi kuti atsegule akaunti yatsopano kuti Mlonda amupatse seva ina. Anadzaza dzina, anaika nambala ya chiphaso, ndipo webusayiti inayankha kuti nambala imeneyo inalembetsa kale. Limenelo ndi lamulo la koleji, loletsa munthu kulembetsa kawiri, ndipo ofufuta akaunti ndi a koleji okha. Ndinaimbira mayi wa madandaulo uja. Foni inali yotanganidwa kanayi, ndipo kachisanu anayankha ndi mawu a munthu amene walalatiridwa tsiku lonse.

"Mayi, ndine wa ku kampani ya webusayiti. Tapeza vuto mbali yathu. Pali anthu 214 amene sakanatha kuika zithunzi. Ndikupempha kuti muwonjezere nthawi, ngakhale ndi theka la ola."

"Ndinu amene munandiyankha dzulo kuti ndi netiweki yawo?"

"Ndine."

"Ndawauza anthu onse amene aimba kuti ndi netiweki yawo. Ena alira pa foni pano."

"Pepani kwambiri. Nthawi ingawonjezeredwe?"

"Nthawi imaikidwa ndi komiti, ndipo amene amaisintha mu kompyuta ndi mlembi wamkulu yekha. Iwo sali mu ofesi, abwera Lolemba."

"Nanga kufufuta akaunti imodzi yokha, kuti munthu ayambirenso?"

"Ndi iwo omwewo. Ine ndimangolandira mafoni, mayi."

"Lolemba akhoza kutsegulanso?"

"Lembani kalata. Koma ndakhala pano zaka zisanu ndi ziwiri, sindinaonepo atatsegulanso. Malo ndi 300, olembetsa apitirira 9,000. Sakusowa anthu."

Nditadula, ndinatembenukira kwa Kapitawo. Pa sikirini yanga manambala ankayenda. Sitepe 19, sitepe 20. Ena ankadutsa mofulumira mpaka mtima unkayamba kukhala pansi, kenako pankabwera imodzi yokhala mphindi zitatu osasuntha. Pa sitepe 31 Kapitawo anaima n'kuyamba kuyesa modyulo ya imelo, imene panalibe aliyense ankaifuna tsiku limenelo. Ndinamutukwana mokweza, ndikumenya desiki, ngati si ine ndinamuphunzitsa kuchita zimenezo.

A Madala anabwerako ku chipinda chozizira akupukuta magalasi. Anatenga makapu awiri, anathira madzi, n'kupatsa achemwali ndi Anesi. Kenako anakokera mpando pafupi ndi mtsikanayo.

"Tiyeni tikonzekere, mwanawe. Chithunzi chikhale chosankhiratu. Ikangodzuka sevayo, udina apa, kenako apa, kenako batani lobiriwirali. Masekondi makumi awiri basi. Tayeserera ndione."

Anesi anayeserera ndi chala m'mwamba, osakhudza mbewa. Anabwereza katatu. Ndinayang'ana kumbali, chifukwa kuona bambo amene ndamunyoza pamaso pa alendo akuphunzitsa mwana wa kwathu modekha chonchija kunandichititsa manyazi kuposa china chilichonse tsiku limenelo.

Itatsala mphindi 15 tinali pa sitepe 40. Itatsala mphindi 10 tinali pa 46. Ndinaimbiranso abwana, foni yozimabe. Achemwali anali atayamba kupemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedera. Ine ndinkangoyang'ana manambala awiri, wa masitepe ndi wa wotchi ya pakona pa sikirini. Itatsala mphindi zisanu, tili pa 50, ndinasiya kudzinamiza.

Wotchi inakwana 4 koloko tili pa sitepe 53. Palibe belu limene linalira, palibe chinasintha m'chipindamo. Anesi sanachotse dzanja pa mbewa. Palibe amene anamuuza kuti alichotse, ndipo tonse tinapitiriza kuyang'ana manambala ngati kuti akadali ndi ntchito. Sitepe 58 inadutsa mwakachetechete m'masekondi ochepa. Patadutsa mphindi zisanu ndi ziwiri, Kapitawo analemba kuti wamaliza popanda cholakwika chilichonse, ndipo pakhoma, pakati pa 26 ndi 28, panayaka kagetsi katsopano kobiriwira.

Anesi anadina. Tsamba linatseguka mofulumira, loyera bwino, ndi mawu akuluakulu pakati: "Kulembetsa kwatsekedwa. Zikomo chifukwa cha chidwi chanu." Anadinanso, mwina poganiza kuti nawonso ndi mawu ofuna kuyesanso. Anabwera omwewo.

Foni yanga inalira. Anali abwana, msonkhano utapumira. Ndinawafotokozera zonse nditaima pawindo, osabisa kuti wolakwa ndine.

"Musalembe kalata iliyonse kaye," anatero. "Tikhale pansi Lolemba tione kalembedwe kake. Mawu oti vuto linali lathu si ongotulutsa chisawawa."

"Ndawauza kale a koleji pa foni, bwana. Ndipo ndi anthu 214."

"Za pa foni ndi zina. Mwati sevayo ili bwino tsopano?"

"Ili bwino."

"Chabwino, ndiye palibe chothamangira."

Ndinaika foni pa desiki mwamphamvu kuposa mmene ndinkafunira. Ndinawauza achemwali kuti kalatayo ndilemba, abwana afune asafune, ndi mayina onse 214, ndipo ndikaipereka ndekha kwa mlembi wamkulu. Ndinkalankhula mofulumira, ndikulonjeza izi ndi izo. Achemwali anadzuka, anabwezera tepi yawo m'khosi, n'kukonza siketi.

"Ulembe," anatero. Kenako anatembenukira kwa a Madala n'kuwerama pang'ono. "Bambo, mutikhululukire. Tabwera kudzakuyang'anani ndi diso loipa m'nyumba mwanu momwe."

"Palibe kanthu, mayi. Muyende bwino."

Kwa ine sananenenso china. Anatuluka kukadikira pa risepushoni.

Anesi anatsala akubwezera satifiketi mu envulopu yake. Ankachita pang'onopang'ono, kuwongola makona kuti pepala lisapindike. Sankalira, ndipo zimenezo zinkandipweteka kwambiri, chifukwa akanalira ndikanadziwa chochita ndi manja anga. Atatseka envulopuyo anaima pafupi ndi desiki yanga.

"Mayi aang'ono, ndifunse nawo?"

"Funsa, mwanangu."

"Kuti mudziwe kuti ine ndili pa 27, munafunika chiyani?"

"Nambala yako yolembetsera."

"Yokhayo basi?"

"Yokhayo."

Anagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene wamva phunziro n'kulisunga. "Ndinakutumizirani Lachitatu," anatero. Anatsanzika a Madala mwaulemu n'kutuluka kutsatira amayi ake.

Ndinatenga foni, ndinatsitsa mameseji kudutsa a kuntchito, a gulu la kutchalitchi, a otsatsa malonda. Ndinaupeza pansi ndithu, wosatsegula, wa Lachitatu nthawi ili mphindi 12 kudutsa 10 koloko m'mawa. Munali chithunzi cha sikirini ya foni yake, nambala yolembetsera ataizunguliza ndi mzere wofiira, ndipo pansi pake analemba kuti: "Mayi aang'ono, pepani kukuvutitsani muli pa ntchito. Nambala yanga ndi iyi, mwina ingakuthandizeni. Mukapeza mpata."